Kusunga chinsinsi cha wodwala maganizo ku Massangulo

Kusunga chinsinsi cha wodwala ku Massangulo, m'boma la Ngauma ku Mozambique, sikunayambe ndi zipatala. Kale munthu wosokonezeka maganizo ankapita naye kwa sing'anga, ndipo amene ankayankhula m'malo mwake anali amalume kapena mwini mbumba. Nkhaniyo inali ya banja lonse, koma siinkayenera kutuluka kunja kwa mbumbayo.

Mu 1928 ansembe a Consolata anatsegula mishoni ya Massangulo pakati pa Ayao, ambiri a iwo Asilamu. Akatolika anaphunzira chinsinsi chokhwima kwambiri: zolapa kwa wansembe sizifika ngakhale kwa mkazi kapena mfumu.

Zipatala zinabweretsa cholembera ndi kaundula, ndipo vuto linasintha, pakuti pepala limawerengedwa ndi aliyense wolitola. Malamulo aakulu a Mozambique a 2004, pa ndime 71, amaika malire pa kusunga mbiri ya munthu pakompyuta, ndipo lamulo la 2014 limateteza chinsinsi cha omwe ali ndi HIV. Chovuta n'chakuti m'matauni ngati Mandimba kapena Cuamba wogwira kaundulayo angakhale mnansi wa wodwalayo, ndipo wodwala woopa kuululidwa sabwereranso kudzatenga mankhwala.