Munthu amene anakana kutaya kachingwe

Agogo anga aamuna ku Ntcheu anali ndi kaligo. Madzulo akakhala pakhonde n'kuyamba kukwecha, ine ndinkangoyang'ana chala chawo. Chingwe chinali chimodzi basi, koma akasuntha chala pang'ono mawu ankasintha, ena okwera ena otsika, mpaka nyimbo yathunthu. Patapita zaka zambiri, nditazolowera kuwerenga za fizikisi pa foni usiku tulo tikasowa, ndinapeza kuti kunja kuno kuli akatswiri amene atha moyo wawo wonse akunena kuti chilengedwe chonse chili ngati kaligo uja. Amati elekitironi, kwaki ndi tinthu tina tonse totipanga ndi tizingwe tating'onoting'ono ta mtundu umodzi, tongosiyana kanjenjemeredwe. Chiphunzitsochi amachitcha string theory, ndipo mpaka lero palibe amene wachitsimikiza. Ndikusimbireni mbiri yake, makamaka ya munthu mmodzi, John Schwarz, amene anakakamira anzake onse atachoka.

Tiyambe ndi chimene ankafuna. Asayansi amati mphamvu zoyendetsa zonse zilipo zinayi: yokoka imene imagwetsa mango pansi, ya magetsi ndi maginito, yamphamvu imene imamanga mtima wa atomu, ndi yofooka imene imachititsa maatomu ena kusweka okha. Funso lakale ndi lakuti kodi zinayizi si mphamvu imodzi yovala malaya osiyana? Mu 1865 James Clerk Maxwell anaonetsa kuti magetsi ndi maginito ndi chinthu chimodzi, ndiponso kuti kuwala kumachokera momwemo. Albert Einstein atafotokoza mphamvu yokoka mu 1915, analandira kalata mu 1919 kuchokera kwa Theodor Kaluza. Kaluza ankati mukawonjezera mbali yachisanu pa mulitali, mulifupi, msinkhu ndi nthawi, masamu a Einstein ndi a Maxwell amatuluka m'thumba limodzi. Mu 1926 Oskar Klein anati mbali yachisanuyo sitiiona chifukwa inapindika n'kukhala yaing'ono kwambiri. Einstein anathera zaka pafupifupi 30 akusaka umodzi umenewu, ndipo pamene ankamwalira ku Princeton mu 1955 mapepala a masamu osatha anali pambali pa bedi lake.

Ena zinawayendera. Sheldon Glashow, Steven Weinberg ndi Abdus Salam wa ku Pakistan anagwirizanitsa mphamvu yofooka ndi ya magetsi, n'kulosera kuti payenera kupezeka tinthu totchedwa W ndi Z. Analandira mphoto ya Nobel mu 1979, ndipo mu 1983 makina a ku CERN, pafupi ndi Geneva, anatipezadi. Musaiwale chitsanzo chimenechi, ndibwererako: analosera, anthu anakayesa, n'kupeza. Koma mphamvu yokoka inakana kulowa m'gulu. Aliyense akaiphatikiza ndi malamulo a tinthu tating'ono, masamu ankatulutsa mayankho opanda malire, omwe alibe tanthauzo.

Tizingwe tinalowa mwangozi. Mu 1968 Gabriele Veneziano, mnyamata wa ku Italy amene anali ku CERN, anapeza kuti masamu ena akale a Leonhard Euler akufotokoza bwino mmene tinthu ta mphamvu yamphamvu timawombanirana. Chifukwa chake sankachidziwa. Cha m'ma 1970 Yoichiro Nambu, Holger Nielsen ndi Leonard Susskind anazindikira kuti masamuwo akunena za tizingwe tonjenjemera. Koma panali zovuta. Masamu ankafuna mbali 26, osati zinayi zimene tikudziwa. Komanso ankatulutsa kanthu kena kopanda kulemera komwe palibe ankakafuna, ndipo kankakana kuchoka.

Mu 1971 Pierre Ramond, kenako André Neveu ndi Schwarz, anakonza chiphunzitsochi kuti chikhale ndi tinthu ngati elekitironi, ndipo mbali zija zinatsika kufika pa 10. Muntchito imeneyi munabadwira ganizo lotchedwa supersymmetry. Mwachidule lili chonchi: tinthu tonse tili m'mabanja awiri, topanga zinthu ndi tonyamula mphamvu, ndiye ganizoli limati kalikonse ka banja lino kali ndi mnzake ku banja linalo, amene sitinamuonebe. Chaka chomwecho ku Moscow, Yuri Golfand ndi Evgeny Likhtman anapeza ganizo lomweli paokha. Golfand sanadyerere, anachotsedwa ntchito mu 1973, boma la Soviet Union linamukaniza kutuluka m'dzikomo, ndipo anapita ku Israel mu 1990. Ku Ulaya ganizoli linatchuka mu 1974 kudzera mwa Julius Wess ndi Bruno Zumino.

Ndiye tsoka linagwa. Mu 1973 David Gross, Frank Wilczek ndi David Politzer anaonetsa kuti mphamvu yamphamvu imafotokozeka bwino ndi makwaki, popanda tizingwe. Anthu anasamuka ngati msika watha. Schwarz anali atamanidwa kale ntchito yokhazikika ku Princeton, ndipo mu 1972 Murray Gell-Mann anamutengera ku Caltech, kumene anakhala zaka zoposa khumi asali pulofesa. Tangoganizani, aise, anzako amsinkhu wako akukwezedwa, iwe ukadali pa nkhani imene aliyense akuti inafa.

Mu 1974 Schwarz ndi mnzake wa ku France, Joël Scherk, anayang'ananso kanthu kosafunika kaja. Anaona kuti makhalidwe ake ndi ndendende a kanthu koyenera kunyamula mphamvu yokoka. Tamiaki Yoneya ku Japan anaonanso zomwezo. Ndiye anati tizingwe tinaikidwa pa ntchito yolakwika, ntchito yake yeniyeni ndi kugwirizanitsa mphamvu zonse, ndi yokoka yomwe. Kuti zitheke, kachingweko kayenera kuchepa mosaneneka: mutenge mita imodzi, muigawe ndi nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro 35. Anthu ochepa okha ndiwo analabadira. Scherk anamwalira mu 1980 akadali wa zaka za m'ma 30, osaona chimene chinatsatira.

Schwarz anapitiriza ndi Michael Green wa ku London. Mu 1984, ali ku Aspen m'chigawo cha Colorado, ankalimbana ndi zolakwika zina za m'masamu zimene zikanapha chiphunzitso chonse. Anapeza kuti zolakwikazo zimafafanizana zokha ngati mwasankha gulu la masamu la ziwalo 496. Zimenezi zinadzidzimutsa anthu. M'miyezi yochepa asayansi mazanamazana anathamangira ku tizingwe, ndipo mu 1985 Schwarz anakhala pulofesa. Posakhalitsa kunapezeka mitundu isanu ya chiphunzitsochi, zomwe zinali zochititsa manyazi kwa anthu osaka chinthu chimodzi. Mu 1995, pa msonkhano ku University of Southern California, Edward Witten anati isanuyo ndi nkhope za chiphunzitso chimodzi cha mbali 11, n'kuchitcha M-theory.

Nditafika apa ulendo woyamba ndinasangalala, ndinati eya, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatsala pang'ono kulemba nkhani yolimbikitsa achinyamata kuti musamataye maloto anu. Koma nditawerenga mbali yotsala ndinaleka, chifukwa nkhonoyo sinaonetsebe maso.

Makina aakulu a ku CERN, Large Hadron Collider, ali mumphanga yozungulira ya makilomita 27. Pa 4 July 2012 analengeza kuti apeza kanthu ka Higgs, komwe kanaloseredwa mu 1964. Ambiri ankayembekeza kuti anzawo a tinthu aja a supersymmetry atulukanso. Palibe ngakhale kamodzi kanaoneka. Mu 2016 ku Copenhagen, asayansi amene anabetcha kuti tidzakhala titapezeka pofika nthawiyo anavomera kuti aluza, n'kulipira mabotolo a cognac. Kulosera kwina, kwa Howard Georgi ndi Glashow mu 1974, kunkati pulotoni iyenera kumasweka yokha pakapita nthawi yaitali. Ku Japan anamanga matanki aakulu a madzi pansi pa phiri, Kamiokande kenako Super-Kamiokande, ndipo adikira zaka makumi osaona pulotoni ikusweka. Tizingwe tokhato ndi tating'ono moti palibe makina amene tingamange lero oti n'kutiona.

Sindikunena kuti ntchitoyi inapita pachabe. Mu 1996 Andrew Strominger ndi Cumrun Vafa anagwiritsa ntchito tizingwe kuwerengera chinthu china cha maenje akuda a mumlengalenga, n'kupeza yankho lofanana ndi limene Jacob Bekenstein ndi Stephen Hawking anapeza kale mwa njira ina. Mu 1997 Juan Maldacena wa ku Argentina anapeza mlatho pakati pa masamu a mphamvu yokoka ndi a tinthu tating'ono, ndipo ngakhale asayansi osakhulupirira tizingwe amawolokerapo. Akatswiri a masamu nawonso apindula kwambiri. Komabe kusiyana kwake ndi nkhani ya Salam kukuonekeratu: W ndi Z anaziyeza m'makina, tizingwe ayi.

Chimene chimandivuta ndi ichi. Einstein anakakamira zaka 30 ndipo sanapeze. Schwarz anakakamira zaka khumi, anzake n'kubwerera, koma kubwerera kwa anthu si umboni woti chilengedwe chavomera. Kuyang'ana kunja, kukakamira kwa anthu awiriwa n'kofanana, ndipo ali mkati mwake palibe akanadziwa kuti kutha bwanji. Ine ndili ndi buku limene ndakhala ndikulemba zaka zambiri, ndipo nthawi zina ndimafuna wina andiuze kuti kupirira kumalipira. Mbiri iyi yakana kundiuza zimenezo. Yangondionetsa kuti Schwarz sanakhale chifukwa cha liuma lokha: mu 1974 anaona chinthu chenicheni m'masamu, anatha kuchiloza ndi chala, ndipo anachisindikiza kuti ena achitsutse ngati angathe. Ndiye sabata ino ndatumiza machaputala atatu kwa mnzanga wina amene sanyengerera, ndamuuza kuti andiuze ngati muli kanthu.