Kafukufuku wosasindikizidwa ndi malo ake pa CV ya wofunsira maphunziro apamwamba

Ophunzira ambiri m'mayunivesite a m'chigawo chino cha Africa amatsiriza digiri yoyamba atalemba kafukufuku mmodzi yekha, wa chaka chomaliza, amene amakathera pa shelefu ya m'laibulale. Ikafika nthawi yofunsira malo a digiri ya masitazi, kapena thandizo la maphunziro monga la Commonwealth, Rhodes ndi Mandela Rhodes, ambiri amakayika ngati ntchito yotere ingalembedwe pa CV. Ingalembedwe ndithu, malinga wofunsirayo anene poyera pamene ntchitoyo yafika.

Pali mawu a Chingerezi amene akatswiri anawakhazikitsa pa nkhaniyi. "In preparation" ndi nkhani imene ikulembedwabe. "Submitted" kapena "under review" ndi imene yatumizidwa kwa mkonzi wa magazini ya akatswiri ndipo ikuunikidwa. "Accepted" kapena "in press" ndi imene yavomerezedwa, ikungodikira tsiku lotuluka.

Malire enieni ali pakati pa kutumiza ndi kuvomerezedwa. Kutumiza nkhani angathe aliyense, ndipo magazini otchuka amakana nkhani zochuluka kuposa zimene amalandira. N'chifukwa chake nkhani zovomerezedwa zokha ndizo zimalowa pansi pa mutu wa zosindikizidwa, pamene zotsalazo zimapatsidwa mutu wawo. Malamulo a kalembedwe a bungwe la American Psychological Association amanenanso kuti wolemba asatchule dzina la magazini imene nkhani yangotumizidwako. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthu amene watumiza nkhani ku The Lancet dzulo, n'kulemba dzinalo pa CV lero, akudzikometsera ndi ulemu umene sanaulandire, ndipo aphunzitsi osankha ophunzira amaizindikira msanga njomba yotere.

Kafukufuku wa chaka chomaliza amakhala bwino pansi pa mutu wa maphunziro, pafupi ndi digiri imene anachitira. Palembedwe mutu wake, chaka, yunivesite ndi dzina la mphunzitsi amene anauyang'anira. Kawirikawiri mphunzitsi yemweyo ndiye amalemba kalata ya umboni, choncho zolembedwa pa CV zisasemphane ndi zimene iye adzanene. Ngati ntchitoyo inalembedwa ndi anthu angapo, onse adziwitsidwe, ndipo maina atsatane monga anagwirizanirana.

Njira ina ndiyo kuika nkhaniyo pa nkhokwe za pa intaneti zosungira kafukufuku amene sanaunikidwe. Mu 1991 Paul Ginsparg anayambitsa arXiv ku America. Pambuyo pake kunabwera bioRxiv mu 2013, AfricArXiv mu 2018 ndi medRxiv mu 2019. Ubwino wake ndi wakuti osankha ophunzira angathe kuiwerenga okha nkhaniyo. Komabe iyenera kutchedwa "preprint", popeza akatswiri sanaivomereze, ndipo n'kwanzeru kuona kaye ngati magazini imene wolembayo akufuna kudzatumizako imalola zimenezi.

Choopsa chachikulu chimagwera amene akufuna kudzaza CV mofulumira. Pali magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse m'masiku ochepa, bola wolemba alipire. Jeffrey Beall, amene ankagwira ntchito m'laibulale ku University of Colorado Denver, ankasunga mndandanda wa magazini okayikitsa mpaka anautseka mu Januwale 2017. Ku South Africa, unduna wa maphunziro apamwamba umatulutsa mndandanda wa magazini ovomerezeka, ndipo aphunzitsi a ku Cape Town, Pretoria kapena Witwatersrand amaudziwa bwino. Kwa iwo, nkhani yotuluka m'magazini yachinyengo imadetsa mbiri ya wofunsira kuposa kafukufuku wabwino amene sanasindikizidwe n'komwe.

Nkhani zimene zikulembedwabe zisachuluke. Imodzi kapena ziwiri n'zokwanira, ndipo zikhale zoti wofunsirayo angathe kuzitumiza tsiku lomwelo ngati yunivesite yapempha kuziona.