Moto wa M'kabokosi Kakuda pa Chipata cha Kalomwe

Pa chipata cha Kalomwe, pomwe msewu wa ku Angónia, m'dziko la Mozambique, umalowera m'Malawi cha ku Dedza, njinga zamoto sizipuma. Zina zasenza matumba a mbatatesi, zina anthu atatu ndi nkhuku zawo. Njinga ikakana kulira, makaniko amazula pulagi, kuikhudzitsa pa injini n'kuponda kiki. Moto ukapanda kuthetheka, diso limapita ku kabokosi kakuda kotchedwa CDI. M'katimo muli kapasita, kachipangizo kamene amakaniko a galimoto zakale ankakadziwa ndi dzina loti kondensa.

Kachipangizoka kanabadwira m'botolo. Mu 1745 Ewald von Kleist wa ku Germany anasunga magetsi m'botolo lagalasi, ndipo patangopita miyezi yochepa Pieter van Musschenbroek wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anachitanso zomwezo ndi botolo la madzi. Magetsiwo anamugwira koopsa moti analembera mnzake wa ku Paris kuti sadzayerekezanso. Mapangidwe ake sanasinthe kwenikweni mpaka lero: zitsulo ziwiri zoyang'anana, pakati pake chinthu chosadutsa magetsi. Mavoti akawirikiza kawiri, mphamvu yosungidwa imawirikiza kanayi.

N'chifukwa chake CDI imadzaza kapasita yake ndi mavoti mazana angapo, kenaka n'kukhuthulira zonse mu koyilo kamodzin'kamodzi. Mphamvuyo ndi yochepa zedi. Kapasita ya maikulofaradi imodzi pa mavoti 300 imasunga majuwelo 0.045 okha, pamene batire la foni yamakono limasunga kuposa pamenepo ka miliyoni. Koma batire limatulutsa mphamvu yake pang'onopang'ono ngati chitsime, kapasita imakhuthula ngati ndowa yogubuduzika, ndipo petulo amafuna zoterozo kuti ayake. Chimene chasintha ndi ntchito ya makaniko. Kale ankapala mapointi ndi sandipepa n'kusintha kondensa yokha. Lero zonse zinamatidwa m'kabokosi, kakapsa n'kotaya basi.

M'nyumba, mfumu yakhala batire. M'zaka za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu ambirimbiri a ku Angónia atathawira ku Dedza ndi Ntcheu, nkhani za kwawo ankazimvera pa wailesi ya mabatire a tochi, omwe akafooka ankawayanika padzuwa kuti alankhuleko usiku wina. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kumidzi, ndipo m'kupita kwa zaka batire la galimoto linalowa m'nyumba kuyendetsa wailesi ndi TV, kenaka linapeza mnzake, sola ya padenga. Kapasita sinapikisane nalo, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kilogalamu imodzi ya batire la asidi imasunga mphamvu yoyatsa babu la wati imodzi kwa maola 30 mpaka 40, ya lithiyamu kuposa maola 150, pamene ya makapasita amphamvu kwambiri a masiku ano imathera cha pa maola 5. Komabe wokonza ma TV akale ankaiopa kapasita kuposa batire. Asanalowetse dzanja m'kati, ankayamba wagunditsa sikuludilaiva kuti moto wotsalira uphulike, ngakhale TV itazimitsidwa kalekale.

Makapasita akuluakulu a m'chigawo cha Tete, momwe muli Angónia, ali ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Damu la Cahora Bassa, limene anayamba kumanga mu 1969 n'kutseka madzi a Zambezi mu 1974, limapanga mamegawati 2,075. Ambiri a magetsiwo amayenda pa chingwe cha makilomita oposa 1,400 kukafika ku siteshoni ya Apollo, pafupi ndi Johannesburg, pa mavoti 533,000. Ku Songo amawasandutsa kukhala oyenda mbali imodzi, ndipo kusandutsako kumabweretsa phokoso m'mawaya. Ntchito ya milumilu ya makapasita ndi makoyilo ndi kusefa phokosolo, osati kusungira munthu magetsi a mawa.

Nkhondo ija inagwetsa mapolo achitsulo mazanamazana a chingwechi, moti chinakhala chakufa mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dziko la Portugal linagwiritsitsabe kampani ya HCB, yoyendetsa damu lija, kufikira Novembala 2007, pomwe boma la Mozambique linatenga magawo 85 pa 100 aliwonse.