Schornstein

Schornstein ndi mawu a Chijeremani otanthauza chumuni, njira yomangidwa pa nyumba yotulutsira utsi kuchokera pa moto kupita kunja pamwamba pa denga. Mawuwa ndi ophatikiza mawu awiri: Schorn ndi Stein. Pa Chijeremani, mawu omaliza ndi amene amasankha gulu la dzina lonse, choncho amati der Schornstein monga momwe amanenera der Stein. Zikachuluka amati Schornsteine.

Chiyambi cha mawuwa

Stein amatanthauza mwala, ndipo Mjeremani aliyense amawadziwa. Koma Schorn sagwiritsidwanso ntchito paokha masiku ano. M'malemba akale mawu onsewa ankalembedwa scorenstein, kenako schorstein kapena schornstein. Akatswiri a zinenero amalumikiza gawo loyambali ndi mneni wakale scorren, wotanthauza kutulukira kunja kapena m'mwamba, komanso ndi mawu a Chijeremani cha kumpoto schore, otanthauza mchirikizo.

Izi zikusonyeza kuti poyamba Schornstein sichinali chumuni. Unali mwala wotulukira pakhoma umene unkachirikiza chivindikiro chokolera utsi pamwamba pa malo osonkhapo moto. Patapita nthawi dzinalo linafalikira ku malo onse a motowo, mpaka linakhazikika pa njira ya utsi.

Mayina ena m'madera

Si onse olankhula Chijeremani amene amati Schornstein. Mawuwa ndi ofala kumpoto kwa Germany. Ku Austria amati Rauchfang, kutanthauza chogwira utsi. Ku Switzerland ndi kumwera chakumadzulo kwa Germany amati Kamin, kuchokera ku Chilatini caminus. Ku Saxony kumamveka Esse, pamene ku Franconia kumamveka Schlot.

M'zinenero zina

Chidatchi chili ndi mawu achibale, schoorsteen. Kuchokera ku Chijeremani cha kumpoto, mawuwa analowa m'zinenero za ku Denmark ndi Sweden monga skorsten, ku Estonia monga korsten, ndi ku Latvia monga skurstenis.

Mawu ena ochokera pamenepa

Munthu wosesa mwaye m'chumuni amatchedwa Schornsteinfeger, ndipo Ajeremani ambiri amati kukumana naye kumabweretsa mwayi. Palinso chining'a chakuti etwas in den Schornstein schreiben, kulemba chinthu m'chumuni. Amanena chomwechi pa ngongole imene mwini wake wataya nayo mtima, chifukwa zolembedwa m'chumuni mwaye umazikwirira msanga.