Kugwa kwa Banki ya Meridien: Kodi Analipira Ndani?

Achinyamata ambiri sadziwa dzina la Andrew Sardanis, koma makolo athu amalikumbukira. Iye anabadwira ku Cyprus ndipo anafika kuno mu 1950 kudzachita malonda. Ufulu utabwera, a Kenneth Kaunda anamuika kukhala mkulu wa INDECO. Pa kusintha kwa Mulungushi mu 1968, ndiye anatsogolera ntchito yoti boma litenge magawo 51 pa 100 m'makampani akuluakulu a alendo.

Atachoka m'boma anayambitsa gulu lake la makampani, ITM International, kenako banki ya Meridien. Mu 1991 anagula nthambi za BIAO, banki yakale ya Afalansa yomwe inali itadwala kale ndi ngongole. Posakhalitsa Meridien BIAO inali m'mayiko pafupifupi 20 a mu Africa.

Apa ndiye panali muzu wa vuto. Bankiyo inakula msanga kuposa ndalama za eni ake, ndipo ndalama zambiri za osunga zinkatumizidwa ku banki ina ya gulu lomwelo ku Bahamas. Ya ku Bahamas itasowa chobweza, nthambi zinayamba kugwa motsatizana. Anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo, Bank of Zambia inayesa kuthirapo zake, koma mu 1995 zitseko zinatsekedwa. Chaka chomwecho African Commercial Bank ndi Commerce Bank nazonso zinagwa.

Mlimi wa ku Chadiza mwina sanaponde n'komwe pakhomo la Meridien, komabe analipira nawo. Ndalama zomwe boma limapulumutsira banki ndi za tonsefe. Komanso m'zaka zomwezo Lima Bank, yomwe inkakongoza alimi feteleza ndi mbewu, inatha pa zifukwa zakezake. Ngongole zitasowa, alimi ambiri a kum'mawa anayamba kudalira makampani a thonje ndi fodya, omwe amakongoza mbewu n'kudzagula zokolola pa mtengo wonena iwo.

Nkhaniyi si yakale ayi. Mu April 2024 Bank of Zambia inalanda Investrust Bank chifukwa ngongole zake zinaposa chuma chake. Choncho musanaike ndalama zanu kulikonse, kaya ku banki kaya pa apu ya pafoni, funsani zinthu zitatu: mwini wake ndani, ali ndi chilolezo cha Bank of Zambia, nanga ndalamazo amazikongoza kwa yani? Mwini fakitale akakhalanso mwini banki, wokongola ndi wokongoza amakhala munthu mmodzi, ndipo womuletsa amasowa.