Mphambano za misewu m'mapuloti atsopano ku Mpingu

Mphambano ndi pomwe misewu imakumana. Ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, minda ikusanduka mapuloti, ndipo timisewu tatsopano tikuchuluka. Akatswiri amakonda mphambano yooneka ngati chilembo T kuposa ya njira zinayi: yoyambayo ili ndi malo 9 pomwe galimoto zingawombane, inayo 32. Misewu izikumana pa ngodya ya madigiri 90 kapena kuyandikira pamenepo. Puloti ya pakona imadulidwa nsonga kuti mpanda wa njerwa usatchinge woyendetsa kuona wakabaza yemwe akutulukira mbali inayo. Ogulitsa malo ena amaumira kansongako, poti nako ndi ndalama. Pokhotera pamafunikanso kalavati, apo ayi madzi a mvula amakumba chigwembe. Kagawidwe ka malo kamatsata lamulo la Physical Planning Act la 2016.