Whisker pole: ndodo yodalirika pooloka nyanja ya Atlantic

Whisker pole ndi ndodo yaitali, kawirikawiri ya aluminiyamu, imene amalinyero amatambasulira thanga lakutsogolo mphepo ikamaomba kuchokera kumbuyo kwa ngalawa. Popanda ndodoyi, thangalo limatchingidwa ndi thanga lalikulu n'kumangokupiza, ndipo liwiro limatsika.

Poiika, nsonga imodzi amaikola pachitsulo cha kutsogolo kwa mlongoti, pamene inayo imagwira chingwe chokokera ngodya ya thanga, kumbali imene kulibe thanga lalikulu. Utali wake umayenderana ndi utali wa m'munsi mwa thangalo. Zingwe zitatu ndizo zimaikhazikitsa: china chimainyamula, china chimaikokera kutsogolo, china kumbuyo. Ikapanda kumangidwa chotere, imatha kuvulaza munthu kapena kuthyoka ikagunda mafunde ngalawa ikapendekeka.

Ndodoyi imathandiza kwambiri paulendo wochokera ku Las Palmas, kuzilumba za Canary, kupita ku Saint Lucia, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000, chifukwa mphepo imakankha kuchokera kumbuyo masiku ambiri. Amalinyero ochuluka amanyamuka kumapeto kwa Novembala, nyengo ya anamondwe oopsa ikamatha, atalongeza madzi ndi chakudya choposa cha milungu itatu.